"Ndikudikira kuti Mulungu andilankhule, abusa"

Sabata silitha ndisanamve mawu amenewa. Amawanena mnyamata amene wakhala pakhomo zaka zitatu chilembereni mayeso a Fomu 4. Amawanena mayi amene kuchipatala anamuuza kuti abwerenso Lachiwiri, iye osapita. Ndikafunsa kuti kodi Mulunguyo alankhule motani, mayankho ndi omwewo: kudzera m'maloto, kapena mneneri anditchule dzina pakati pa gulu, kapena nditsekule Baibulo maso ali chitsinzinire, chala chigwere pa vesi langa. Ndatumikira kuno ku Kasungu nthawi yaitali, ndipo kunena zoona mawuwa ndatopa nawo.

Chimene chimandidabwitsa n'chakuti anthu omwewa pa ulimi sachita choncho. Palibe mlimi wa ku Chamama kapena ku Santhe amene amadikira loto kuti afese nazale ya fodya. Nthawi ikakwana amafesa, amathirira m'mawa ndi madzulo, mvula ikagwa yokwanira amawokera. Sadziwa ngati mvulayo idzadule mu January. Sadziwa mtengo umene mabelo ake adzaupeze ku Chinkhoma. Amapemphera ndithu, koma khasu lili m'manja. Mlaliki 11:4 amanena za iye amene amangoyang'ana mphepo, kuti sadzafesa, ndipo mlimi aliyense amadziwa zimenezi ngakhale asanaliwerengepo vesilo. Koma ikafika nkhani ya sukulu ya mwana, ya ukwati kapena ya ntchito, munthu yemweyo amapinda manja n'kumati akudikira chizindikiro.

Mbali yaikulu ya chifuniro cha Mulungu inalembedwa kale, ndipo pamenepa sindichedwapo chifukwa munaphunzira ku kalasi ya kutchalitchi. Deuteronomo 29:29 amasiyanitsa zinsinsi, zimene mwini wake ndi Mulungu, ndi zowululidwa, zimene anatipatsa ife kuti tizichite. Vuto lathu timakakamira zinsinsizo, zowululidwazo n'kuzilumpha. Bambo wina anabwera kunyumba ya abusa kuti ndimuthandize kupemphera ngati kuli koyenera kugula galimoto yachiwiri. Antchito ake a pa esiteti anali asanalandire malipiro a chaka chimenecho. Ndinamutsekulira Yakobo 5:4, pamene pakunenedwa za malipiro a okolola amene anabisidwa, kuti akufuula. Sanabwerenso, ndipo galimotoyo anagula.

Pa zimene sizinalembedwe, monga kuti ukhale mphunzitsi kapena namwino, ukwatire wa ku Nkhamenya kapena wa ku Mtunthama, Mulungu anakupatsa mutu, anakupatsa makolo, ankhoswe, akulu a mpingo, komanso anthu amene anayendapo kale njirayo. Miyambo 15:22 amanena kuti zolinga zimalephereka popanda uphungu. Makolo athu ankati safunsa anadya phula. Funsa, werengera ndalama zimene uli nazo, ona chimene manja ako amatha, pemphera, kenako sankha.

Apa pamadzuka wina n'kunena za Gideoni ndi ubweya wake, umene anayala pansi popempha chizindikiro kwa Mulungu. Kawerengeni bwino Oweruza 6. Gideoni anali atauzidwa kale chochita, maso ndi maso. Ubweya uja unali wa munthu wamantha, ndipo pobwereza kachiwiri iye mwini anayamba ndi kupempha kuti Mulungu asamukwiyire. Mulungu anamulezera mtima, koma sanati tonse tizitero. Ine ndimakonda kuwaonetsa Paulo pa Machitidwe 16. Anafuna kukalalikira ku Asiya, Mzimu anamuletsa. Anayesa Bituniya, khomo linatsekekanso. Sanakhale pansi, anatsikira ku Trowa, ndipo kumeneko ndiko anaona masomphenya a munthu wa ku Makedoniya. Masomphenyawo anapeza munthu ali kale pa ulendo, fumbi lili kumapazi.

Koma chimene chandilembetsa zonsezi ndi mtsikana wina, ndipo mlandu wake ine ndili nawo gawo.

Anali wa kwaya ya achinyamata pa mlaga wina, nthambi ya mpingo wathu, umene ndinkauyendera kamodzi pamwezi. Mwana waulemu, wakhama, MSCE anakhoza bwino. Dzina lake linatuluka kuti akayambe maphunziro a uphunzitsi, tsiku lokafika litalembedwa. Bambo ake anali atapatula kale mbuzi ziwiri zoti agulitse, apeze ya thiransipoti, bulangete ndi sopo. Ndiye azakhali ake anamutengera ku mapemphero a usiku kwa munthu wina amene anangotulukira pa tauni ndi tenti ndi zimkuzamawu. Munthuyo anamuloza pagulu n'kumuuza kuti sukulu imeneyo ndi msampha, kuti akapitako adzabwerako m'bokosi, ndipo kuti mwamuna wake weniweni ali ku Joni, abwera ndi galimoto miyezi itatu isanathe. Anawonjeza kuti pafunika kufesa mbewu kuti ulosiwo ukhazikike. Mbuzi zija zinathera kumeneko.

Anabwera kwa ine kutatsala masiku khumi. Anagwada pakhomo, kalata ili m'Baibulo. "Abusa, ndasokonezeka. Ndipange bwanji?" Ine, poopa kuoneka ngati ndikulimbana ndi mtumiki mnzanga, poopanso kuti mwanayo akapita n'kudwala kumeneko abale adzaloza chala ine, ndinamuyankha mawu amene ndimadana nawo mpaka lero: "Mwananga, pitiriza kupemphera, Mulungu akuonetsa." Tinapemphera pemphero lalitali, lokoma. Anatuluka momwe analowera. Tsiku lija linadutsa. Miyezi itatu inadutsa, chaka chinadutsa, wa ku Joni osaoneka. Tenti ija inasamukira kwina.

Ndinayenera kumuuza mosapsatira kuti mwananga, unapempherera mayeso, unakhoza. Unapempherera malo, malo apezeka. Makolo ako avomera. Mulungu ukufuna akuyankhenso kangati? Ndinayenera kukwera njinga yamoto madzulo omwewo kukakhala pansi ndi bambo ake. Ndinayenera kuitana amayi a Chigwirizano kuti tisonkhe ya basi. Sindinachite chilichonse mwa izi, ndipo mantha angawo ndinawaveka dzina lakuti kudzichepetsa.

N'chifukwa chake za aneneri a malondawa sindinenanso mozungulira. Sindikukana kuti Mulungu amalankhula m'njira zimene Iye wafuna. Koma munthu akakuuzani kuti mutumize kaye pa Airtel Money kapena pa Mpamba kuti akuonereni tsogolo, ameneyo ndi wamaula, wangosintha zovala. Agogo athu ankapita kwa woombeza ndi nkhuku, inu mukupita ndi foni, kusiyana kuli pati? Simoni wa ku Samariya atafuna kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama, Petro anamuuza kuti awonongeke nazo ndalama zakezo. Elisa anakana mphatso za Namani, ndipo Gehazi amene anazithamangira mobisa anatenga khate. Yeremiya 23 amanena za aneneri ofuula kuti ndalota, ndalota, chonsecho sanatumidwe. Ndipo muyeso wa pa Deuteronomo 18:22 ngwapafupi: chimene wanenacho chikapanda kuchitika, sanalankhule Mulungu. Koma ife ulosi ukalephera timadziimba mlandu tokha, kuti mwina chikhulupiriro chinachepa, mwina mbewu inachepa, n'kukagulitsanso thumba la chimanga.

Muziwaonetsetsa kachitidwe kawo. Amayamba ndi kukuopsezani, chifukwa munthu wamantha safunsa mtengo. Amakuuzani kuti musauze abusa anu kapena amuna anu, akuti angaphe masomphenya. Mfiti imene amaiona nthawi zonse imakhala agogo okalamba kapena apongozi, munthu wosauka wosatha kudziteteza, ndipo mabanja apasuka nazo, nkhalamba zathamangitsidwa m'midzi. Choopsa koposa ndi cha mankhwala. Wina akakuuzani kuti chifuniro cha Mulungu n'chakuti musiye ma ARV, kapena mankhwala a shuga, a BP, a TB, chifukwa mwamwa madzi odzozedwa, dzukani muchoke, ngakhale pemphero lili pakati. Maliro otere ndalalikirapo, ndipo woloserayo sindinamuonepo pa siwa. Mayi woyembekezera amene anamwino amuuza kuti akadikirire kuchipatala apite lero, kusala kudya adzasala mwana atabadwa. Chotupa cha m'bere sichidikira kuti mutsike kuphiri. Pempherani muli pa mzere wa kuchipatala, Mulungu amamva pamenepo.

Kudikira pa Yehova kulipo, sindikutsutsa. Kulipo pamene wachita zonse zimene ukanatha ndipo khomo silinatsekuke. Koma kudikira kwambiri kumene ndimakuona ine ndi kwa Zengerezu uja adalinda kwawukwawu, kungoti kwavala jekete la pa Sabata. Munthu akuopa kusankha chifukwa akalakwitsa adzasowa womunamizira. Masiku ano wina akabwera ndi nkhani yotere, ndisanatseke maso ndimayamba ndafunsa: tsiku lomaliza ndi liti? Wafunsa ndani? Makolo akuti chiyani? Wakulipiritsa ndani? Ena amakhumudwa, amati abusa awa ngosazama mu uzimu.

Mtsikana uja ndinakumana naye chaka chatha pa msika, mwana ali kumbuyo, akugulitsa tomato ndi anyezi. Anandilonjera mwaulemu monga kale, n'kundiikira tomato wapamwamba amene sindinagule. Ndikunyamuka anandifunsa motsitsa mawu, "Abusa, ndiye kuti sichinali chifuniro cha Mulungu eti?" Ulendo uno sindinathawe. Ndinamuuza kuti amene analakwitsa ndi munthu wa tenti uja pamodzi ndi ine, ndipo ndinapepesa. Ndinamufunsa ngati satifiketi yake akadali nayo. Anati ili m'sutikesi kwa mayi ake, chiswe sichinaigwire. Ndamuuza kuti akaitenge, ndipo akadzalengezanso malo, makalatawo tidzalembera limodzi pa tebulo langa.