Nambala yachilendo yaimba: mafunso ndi mayankho a anthu a mu Lusaka

Masiku ano akawalala ambiri sathyola chitseko, amangoimba foni. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amamveka kawirikawiri pa mabuti a mobile money, kuyambira ku City Market mpaka ku Matero ndi ku Chawama.

Kodi ndingadziwe bwanji mwini wa nambala imene sindikuidziwa?

Yambani ndi manambala oyambirira. Ya mu Zambia imayamba ndi +260, ya ku Malawi +265. Ya Airtel nthawi zambiri imayamba ndi 097 kapena 077, ya MTN 096 kapena 076, ya Zamtel 095, ndipo mafoni a m'maofesi a mu Lusaka amayamba ndi 0211. Izi zimangokuuzani netiweki, osati munthu.

Njira imene ambiri amagwiritsa ntchito ndi iyi: imbani *115#, chitani ngati mukutumiza ndalama ku nambalayo, ndipo musanaike PIN mudzaona dzina limene SIM-yo inalembetsedwa. Mukaliona, lekani pomwepo. Ngati woimbayo akuti ndi mphunzitsi wamkulu wamwamuna koma dzina likutuluka la mayi wina, mwadziwa kale. Koma dzina likagwirizana musafulumire kukhulupirira, chifukwa mbava zimalembetsa ma SIM ndi ma NRC (reji, chitupa cha unzika) a anthu ena, otayika kapena obedwa.

Nanga Truecaller, pulogalamu ya pa foni yoonetsa dzina la woimba?

Imathandiza ndithu, makamaka nambala ikakhala kuti anthu ambiri aidandaula kale. Koma maina ake sachokera ku boma kapena ku kampani ya foni. Amachokera kwa anthu ogwiritsa ntchito pulogalamuyo, ndipo munthu akhoza kudzilemba dzina lililonse, ngakhale la banki. Choncho ikakuchenjezani, imvereni. Ikakuonetsani dzina looneka laulemu, musalitenge ngati umboni.

Ndalandira uthenga wakuti "ndalama ija tumizani pa nambala iyi". Adziwa bwanji kuti ndinafuna kutumiza ndalama?

Sanadziwe. Uthengawo amautumiza kwa anthu ambirimbiri nthawi imodzi, podziwa kuti pa tsiku lililonse wina akufuna kulipira lendi, wina fizi ya mwana, wina chilimba. Mwa anthu onsewo mmodzi akakodwa, iwo apindula. Imbirani eni nyumba anu pa nambala yawo yakale muwafunse ngati asinthadi.

Wina waimba akulira kuti watumiza ndalama kwa ine molakwitsa, ndipo uthenga wafikadi. Ndibweze?

Apa ndi pamene anthu amtima wabwino amapwetekeka. Onani kaye kumene uthengawo wachokera. Weniweni umabwera m'dzina la kampani, pamalo omwe mauthenga ena onse a ndalama amafikira, osati kuchokera pa nambala wamba ya munthu. Kenako onani balansi yanu nokha pa *115#. Nthawi zambiri mupeza kuti palibe ngakhale ngwee imene yalowa.

Ngati ndalamayo yalowadi, musaidye, si yanu. Koma musaitumizenso nokha ku nambala imene woimbayo akutchula. Muuzeni aimbe 111, nambala ya kampani ya foni yothandizira makasitomala, akampani abweze okha. Wolakwitsa moona savuta pamenepa. Amene amakwiya ndi kuyamba kuopseza za polisi ndi amene ali ndi zina.

Akuti ndi a kampani ya foni kapena a banki, SIM yanga itsekedwa ndikapanda kuwauza PIN.

Dulani foni. Palibe wantchito wa kampani ya foni, wa banki kapena wa ZICTA (bungwe loyang'anira za mafoni) amene ali ndi chifukwa chofunsira PIN yanu, ngakhale manambala achinsinsi aja obwera pa SMS. Ena safunsa n'komwe PIN, amangoti "dinani izi, dinani izo" kuti akukonzereni akaunti, pamene inu mukutumiza nokha ndalama kwa iwo. Chimodzimodzi manambala 6 a WhatsApp: mukawapereka, akaunti yanu yapita, ndipo mawa abale anu onse alandira uthenga wopempha ndalama m'dzina lanu.

Za mphoto ya mpikisano umene simunalowe, za ntchito ya boma kapena loni ya CDF (thumba la boma la chitukuko cha m'dera la phungu) imene akuti mulipire kaye "yotsegulira fayilo", izi zonse ndi nyimbo imodzi.

Bwanji akati mwana wanga wavulala kusukulu, pakufunika ndalama ya chipatala msanga?

Chida chawo ndi phuma. Amafuna mutumize mtima usanakhazikike, n'chifukwa chake salola kuti mudule foni. Dulanibe, imbirani mphunzitsi kapena wachibale pa nambala imene muli nayo kale. Mphindi ziwiri zimenezo sizingaphe munthu amene ali kale m'manja mwa adokotala. Agogo ndi makolo akumudzi muwauziretu zimenezi, chifukwa iwo akamva dzina la mdzukulu safunsanso zambiri.

Nambala yakunja yalira kamodzi n'kuduka. Ndiimbenso?

Ayi. Zina mwa nambalazi zimadya tokotaimu yambiri pa mphindi imodzi. Wofuna inu adzaimbanso.

Ndiye ndikanene kuti?

Nambala ya wachinyengo inenereni kwa ZICTA, bungwe loyang'anira za mafoni, poimba *707# ndi kutsatira zimene zikulembedwa. Chitani zimenezi ngakhale sanakubereni, kuti SIM-yo ifufuzidwe isanapweteke wina.

Ngati ndalama yapita kale, changu n'chofunika. Imbani 111 nthawi yomweyo, perekani nambala ya transaction, mwina angaitseke isanatapidwe pa buti. Sinthani PIN. Kenako pitani ku polisi ndi foni yanu, mauthenga onse muwasunge osafufuta. Kuba pa foni ndi mlandu, ndipo mu 2025 dziko linakhazikitsa lamulo latsopano la Cyber Crimes Act. Koma kunena zoona, ndalama ikatapidwa kale kubwera kwake n'kovuta.

Kodi reji yanga ingandilowetse m'mavuto?

Inde, ngati wina walembetsera SIM pa NRC yanu, chifukwa apolisi akamafufuza amayamba ndi dzina lolembedwalo. Musalembetsere mnzanu SIM, ndipo musasiye fotokope ya reji paliponse. Ikatayika, kaneneni ku polisi, ndipo mupite ku shopu ya kampani yanu ya foni mukafunse manambala onse olembedwa m'dzina lanu, amene simukuwadziwa awatseke.