Thanki yaing'ono ya makorali imafuna madzi osasinthasintha

Ntchito yanga kuno ku Durban ndi yosamalira mathanki a nsomba m'nyumba ndi m'maofesi a anthu. Amene amandiyendetsa kwambiri si mathanki aakulu a malita 500 ayi, koma timathanki ta malita 40 mpaka 80, timene m'masitolo amatitchula kuti nano. Munthu amagula kathanki kotere poganiza kuti chinthu chaching'ono sichivuta kusamala. Koma madzi akakhala ochepa sachedwa kutentha kapena kuzizira, ndipo dothi pang'ono chabe limawaipitsa onse. Vuto limene thanki yaikulu ingalipirire kwa mlungu wathunthu, kathanki kakang'ono limakagwetsa usiku umodzi.

Abale athu amene anawetapo mbuna za m'Nyanja ya Malawi amabwera ndi chidaliro, ndipo chidziwitso chawo chimathandiza ndithu. Komabe mbuna ndi nsomba zopirira. Makorali ndi ena. Ngakhale amaoneka ngati miyala kapena maluwa, ndi nyama zamoyo, ndipo m'thupi mwawo mumakhala tindere ting'onoting'ono totchedwa zooxanthellae. Tindereti timapanga chakudya pogwiritsa ntchito kuwala, korali n'kumadya nawo. N'chifukwa chake thanki ya makorali imafuna nyali yamphamvu yoyaka maola 8 mpaka 10 pa tsiku, pa nthawi yofanana tsiku lililonse. M'nyanja yamchere momwe makorali amachokera, mchere ndi kutentha zimasintha pang'onopang'ono kwambiri, choncho thupi lawo silinazolowere kudzidzimutsidwa.

Tiyambe ndi mchere, popeza ndi pamene ambiri amapunthwa. Madzi a m'nyanja yamchere amakhala ndi magalamu pafupifupi 35 a mchere pa kilogalamu iliyonse, ndipo pa choyezera mumawerenga 35 ppt, kapena 1.025 mpaka 1.026 ngati choyezeracho chimayeza kulemera kwa madziwo poyerekeza ndi madzi opanda mchere. Tsiku lililonse madzi ena amauluka ngati nthunzi, koma mchere umatsala. N'chimodzimodzi ndiwo zoiwalika pamoto: msuzi ukamaphwa, mchere umawawa, ngakhale palibe amene wathiramo wina. Tiyerekeze kuti mutachotsa malo a miyala ndi mchenga, m'thanki mwanu muli malita 50 a madzi. Malita 2 okha akauluka, mchere umakwera kuchoka pa 35 kufika pa 36.5. M'nyengo yotentha zimenezi zitha kuchitika m'masiku awiri. Ndiye mwini thanki akaona kuti madzi atsika, amasungunula mchere wina m'ndowa n'kuthiramo, kuonjezera vuto pa vuto. Madzi obwezeretsa amene auluka azikhala opanda mchere. Amchere ndi a pamene mwachotsa nokha madzi akale. Lembani kamzere pagalasi posonyeza pamene madzi ayenera kulekezera, ndipo muzidzaza mpaka pamenepo m'mawa uliwonse. Ngati ndalama ilipo, kachipangizo kodzaza kokha, kamene amati auto top-off, ndimakaika patsogolo pa nyali yodula kapena korali wokongola aliyense.

Choyezera mchere nachonso chimanama. Ma hydrometer apulasitiki okhala ndi kamuvi amasokonezeka ndi kathovu kamodzi kokakamira pa kamuviko. Refractometer, choyezera mchere chogwiritsa ntchito kuwala, ndi yabwinopo, koma muziyamba mwaiyesa ndi madzi ogula amene amadziwika kuti ali pa 35 ppt. Ndimapeza mathanki amene mwini wake akulumbira kuti mchere uli bwino, chonsecho choyezera chinasokonekera kalekale ndipo makorali akhala akufota kwa miyezi.

Madzi a pampopi musawakhulupirire, ngakhale ali abwino kumwa. Mumakhala chlorine, nthawi zina phosphate, nitrate ndi silicate, ndipo m'nyumba za mapaipi akale mutha kukhala mkuwa, umene ndi poizoni kwa makorali, nkhono ndi shrimp. Gwiritsani ntchito madzi osefedwa ndi makina a RO/DI, amene pa kachoyezera ka TDS, koyeza zinthu zosungunuka m'madzi, amaonetsa 0. Masitolo ambiri a nsomba amagulitsa madziwa m'zigubu. Posungunula mchere, yambani ndi madzi m'ndowa kenako thirani mchere pang'onopang'ono, pampu ikuzunguza. Mukathira madzi pa mulu wa mchere, calcium amaundana n'kukhala ngati choko pansi pa ndowa. Asiyeni azungulire usiku wonse, afanane kutentha ndi a m'thanki, ndipo mlungu uliwonse muzisintha gawo limodzi mwa magawo 10. M'kathanki ka malita 50 amenewo ndi malita 5 basi, ntchito ya mphindi zochepa imene imachotsa mavuto ambiri asanayambe.

Kutentha kuzikhala pakati pa madigiri 24 ndi 26. Kukapitirira 29 kapena 30 kwa masiku angapo, korali amatulutsa tindere take tija n'kuyera mbee. Izi ndi zomwe zinachitika m'nyanja zambiri za padziko lapansi mu 1998, ndiponso ku Great Barrier Reef ku Australia mu 2016, pamene madzi anatentha mopitirira muyeso kwa milungu yambiri. Korali woyera sanafe, koma ali ndi njala, ndipo madzi akabwerera mwakale msanga amatha kuchira. Kuno ku Durban mu January ndi February, kathanki kokhala pafupi ndi windo kamafika madigiri amenewo masana amodzi okha. Kafani kouzira pamwamba pa madzi kamatsitsa digiri imodzi kapena awiri, koma kumbukirani kuti madzi aziuluka kwambiri. Hita nayo imafa m'njira ziwiri, kuzimiratu kapena kukakamira ili yoyaka, ndipo yachiwiriyi ndi imene imapha thanki yonse. Ikani thermometer yapadera, musadalire manambala olembedwa pa hitayo.

Makorali olimba amamanga mafupa awo ndi calcium carbonate, ndiye amayamwa zinthu m'madzi tsiku ndi tsiku. Zoyenera kuyeza ndi zitatu. Alkalinity, kapena kuti kuchuluka kwa carbonate m'madzi, akhale pakati pa 7 ndi 11 pa muyeso wa dKH, calcium pakati pa 400 ndi 450 ppm, magnesium pafupi ndi 1,300 ppm. Pa zitatuzi, alkalinity ndiye amatsika msanga, ndipo ndi amene ndimayamba kuyeza ndikafika pa thanki imene makorali ake atseka. Apa ndiyenera kunena mosabisa: nambala yeniyeniyo si nkhani yaikulu. Thanki yokhazikika pa 7.5 imakhala yathanzi kuposa imene lero ili pa 7, mawa pa 10 chifukwa mwini wake wawerenga kuti 10 ndiye wabwino n'kuthira mankhwala kamodzi n'kamodzi. Mukafuna kukweza, musapitirire 1 dKH pa tsiku. Ndipo calcium ndi alkalinity akamakana kukwera ngakhale mukuthira, yezani magnesium, chifukwa akachepa, ziwiri zinazo zimaundana n'kukakamira pa hita ndi m'mapampu m'malo mokhala m'madzi. Mashelefu a m'masitolo adzaza ndi timabotolo tolonjeza mitundu yowala. Lamulo limene ndimauza makasitomala anga ndi lakuti chinthu chimene simungathe kuchiyeza musachithire. Kathanki ka makorali ofewa ochepa nthawi zambiri sikafuna botolo lililonse, kusintha madzi kwa mlungu ndi mlungu kumakwanira.

Thanki yatsopano imafuna milungu 4 mpaka 6 isanalandire nsomba. Pa nthawiyi mabakiteriya amamera m'miyala ndi mumchenga, amene amasandutsa ammonia wa m'zitosi za nsomba kukhala nitrite, kenako nitrate. Ammonia ndi nitrite zikafika pa 0, ndiye mutha kuika nsomba imodzi kapena ziwiri. M'malita 60, ma clownfish awiri obadwira m'thanki ndi kansomba kamodzi ka goby n'zokwana. Nsomba za mtundu wa tang zimakula ndipo zimafuna malo osambira, musazipanikize m'kabokosi.

Kenako imabwera nyengo imene imafooketsa anthu ambiri. Mchenga woyera uja umakutidwa ndi fumbi lofiirira. Amenewo ndi ma diatom, amadya silicate, ndipo chakudya chawo chikatha amazimiririka okha pakapita milungu ingapo. Palibe chogula. Pambuyo pake mutha kuona chinthu chofiira moderako, choterera, choyalika pamchenga ngati kansalu, chokhala ndi tithovu pamwamba. Mukachiuzira ndi pampu chimanyamuka chathunthu. Ndi cyanobacteria, ndipo chimakonda makona amene madzi sayenda ndi pamene zotsalira za chakudya zimaunjikana. Chiyamweni ndi kapaipi posintha madzi, lozetsani pampu pamalopo, chepetsani chakudya. Ndere zobiriwira zonga tsitsi zimasonyeza kuti nitrate ndi phosphate zachuluka. Zizuleni ndi manja, ikani nkhono za Trochus zingapo zoti zizidya nderezo, ndipo fufuzani kumene dothi likuchokera.

Koma pali msampha umene ndimafuna aliyense audziwe. Munthu akatopa ndi ndere amayamba kuyeretsa mopitiriza: skimmer (makina ochotsa dothi m'madzi ndi thovu) yamphamvu, mankhwala oyamwa phosphate, nsomba kuzimana chakudya. Manambala onse amafika pa 0 ndipo iye amasangalala. Patapita masiku, pamiyala pamatuluka tizingwe tofiirira tonanda, tokhala ndi thovu kunsonga, tochuluka masana n'kuchepa usiku. Nkhono zimayamba kugwa chagada n'kufa. Amenewa ndi ma dinoflagellate, ndipo mitundu ina ili ndi poizoni. Amapambana pamene madzi ayera kwambiri moti tamoyo tina topikisana nawo tafa ndi njala. Choncho mankhwala ake amamveka osemphana ndi nzeru: kusiya kuyeretsa, kudyetsa nsomba mokwanira, kulola nitrate kukwera kufika pakati pa 5 ndi 10 ppm ndi phosphate pakati pa 0.03 ndi 0.1 ppm. Mitundu imene imasambira m'madzi usiku imaphedwa ndi kachipangizo kodutsitsa madzi pa nyali ya UV. Kuchira kumatenga milungu, ndipo amene amasintha njira masiku atatu alionse sachira.

Tizilombo tambiri timalowa titakwera pa korali watsopano. Aiptasia ndi kanyama kofiirira kooneka ngati kamtengo ka kanjedza, kamene kamathawira m'bowo mukakakhudza. Kamaluma makorali oyandikana nako, ndipo mukakadula, kachidutswa kalikonse kamamera pakokha. Kapheni kadakali kamodzi, pokapaka phala la kalkwasser (laimu wosakaniza ndi madzi) pakamwa mapampu atazimitsidwa, kapena ikani peppermint shrimp, amene amakadya. Korali aliyense watsopano muziyamba mwamuviika m'mankhwala ochotsa tizilombo. Gulaninso makorali olimidwa m'mathanki. Makorali olimba ali pa mndandanda wachiwiri wa pangano la mayiko la CITES loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zam'chilengedwe, kutanthauza kuti kuwadutsitsa malire a dziko kumafuna chilolezo, ndipo matanthwe ngati a ku Sodwana Bay kuno ku South Africa kapena ku Bazaruto ku Mozambique ndi malo otetezedwa, si kokatola zokongoletsera m'nyumba.

Nsomba ikatuluka timadontho toyera ngati yawazidwa mchere, n'kumadzikanda pamiyala, nthawi zambiri ndi kachilombo ka Cryptocaryon irritans. Timadonthoto tikazimiririka anthu amati yachira, pomwe kachilomboko kangogwera pansi kukaswana. Mankhwala odalirika ali ndi mkuwa, ndipo mkuwa ukalowa m'thanki ya makorali umapha zonse zopanda msana n'kulowerera m'miyala. Nsomba zonse zichotsedwe, zikalandire mankhwala m'thanki ina yopanda miyala, ndipo thanki ya makorali ikhale yopanda nsomba kwa masiku pafupifupi 76 kuti kachilombo kafe ndi njala. Ndi ntchito yowawa. Kusunga nsomba yatsopano payokha kwa mwezi umodzi musanaiphatikize ndi zinzake n'kopepuka kwambiri poyerekeza ndi zimenezi.

Pali chenjezo limodzi lokhudza moyo wanu. Makorali ena ofewa a mtundu wa Palythoa ndi zoanthid, amene amagulitsidwa kwa oyamba kumene chifukwa ndi opirira, amatha kukhala ndi palytoxin, mmodzi mwa mapoizoni oopsa kwambiri a m'chilengedwe. Mu 2018 ku Oxfordshire ku England, banja lina linathamangitsidwa kuchipatala pambuyo poti mwala wa m'thanki unakwechedwa kunja kwa madzi, poizoni n'kufalikira mumpweya wa m'nyumba. Musawiritse miyala, musaithire madzi otentha, musaikweche ili pamtunda. Valani magolovesi ndi magalasi, makamaka ngati muli ndi bala pachala, ndipo ana asapise manja m'thanki.

Ife okhala kumene magetsi amathimathima tili ndi nkhawa ina. Magetsi akathima, makorali amatha kukhala masiku angapo opanda nyali, koma okosijeni ndiye amatha msanga, chifukwa nsomba ndi mabakiteriya onse akupuma m'madzi oima. M'kathanki kodzaza, maola ochepa okha nsomba zimayamba kupuma mwawefuwefu pamwamba pa madzi. Kapampu ka mpweya koyendera mabatire n'kotsika mtengo, ndipo kazikhala pafupi ndi mabatire ake, osati m'kabati yokiya. Amene ali ndi inverter kapena UPS alumikizepo pampu yoyendetsa madzi poyamba, hita ndi nyali zidikire. Ngati mulibe chilichonse, tungani madzi a m'thanki ndi jagi n'kuwatsanuliranso momwemo kuchokera m'mwamba, kangapo pa mphindi 15 kapena 20 zilizonse. M'nyengo yozizira fundikani thanki ndi bulangeti, m'nyengo yotentha yandamitsani botolo lotseka la madzi oundana. Musadyetse nsomba magetsi kulibe. Akabwera, onani ngati pampu iliyonse yadzukadi, chifukwa zina zimakakamira mpaka muzigwedeze, ndipo ngati anathima nthawi yaitali, yezani ammonia tsiku lomwelo ndi lotsatira lake musanayambirenso kudyetsa monga mwa masiku onse.