Tsala si munda wa munthu waulesi

Mvula yobzalira ikagwa, inu n'kusiya chigawo cha munda osachikhudza, anthu sachedwa kuyankhula. "Kodi akudwala?" "Feteleza wawakanika amenewo." Pa ntchito yanga ya ulangizi ndaona alimi akulimbana ndi nthaka yoguga chaka ndi chaka chifukwa choopa mawu otere. Zimandiwawa, chifukwa mbewu, thukuta ndi ndalama zimathera momwemo, nkhokwe n'kukhalabe yopanda kanthu.

Munda wotopa subisala. Mapesi amaonda ngati bango, masamba a chimanga amachita chikasu kuyambira m'munsi, ndipo kaufiti amadzaza m'mizere ndi timaluwa take tofiira. Chimanga chimadya nayitirojeni wambiri, chakudya cha mbewu cha m'nthaka, osabweza. Makolo athu akaona zimenezi ankaugoneka mundawo zaka zingapo n'kukatsegula mphanje kwina.

Munda wogona ukhoza kuoneka ngati tchire chabe, koma pansi pamakhala pali ntchito. Masamba akugwa n'kuwola, chiswe ndi nyongolotsi zikuboola timauna todutsa madzi ndi mpweya, mizu yaitali ikukoka chakudya chimene mvula inatsitsira pansi pomwe chimanga sichifika. Tazulani mtengo waung'ono wa jerejere muone timibulu tomwe tili ku mizu yake. Mukatswanya kamodzi ndi chikhadabo, m'kati mukhala mofiirira. M'menemo muli tizilombo tosaoneka ndi maso totenga nayitirojeni mu mpweya n'kumusandutsa chakudya cha mbewu.

Ndikudziwa kuti ku Thyolo kapena ku Chiradzulu, komwe banja lonse limadalira kamunda kamodzi, mawu akuti "gonekani munda" amamveka ngati chipongwe. N'chifukwa chake akatswiri a bungwe la ICRAF, lofufuza za ulimi wophatikiza mitengo ndi mbewu, pa malo a kafukufuku a Msekera ku Chipata m'dziko la Zambia, anayesa kufupikitsa tulo timeneti. M'malo modikira tchire zaka zambiri, anabzala jerejere n'kumusiya zaka 2 kapena 3. Atadula mitengoyo, chimanga chinabereka mofanana ndithu ndi chothira feteleza, kaufiti n'kuchepa, nkhuni n'kupezeka. Ombwe nayenso amagwira ntchito yomweyi. Malo akachepa, gonekani chigawo chimodzi chokha, muzisinthasintha. Zikavutiratu, bzalani nandolo, amene amapumitsa nthaka uku akukupatsani ndiwo.

Koma chimene ndimapempha kwambiri ndi cha msangu. Mu Januwale, mitengo ina ili biriwiri, msangu umayoyola masamba onse n'kuima ngati wouma. Mlimi wina ndinamupeza atanola kale nkhwangwa. Ndinamutengera patsinde pake, tinafukula dothi ndi manja: lakuda, lofewa, lonunkhira manyowa. Chimanga cha pamenepo chinali chobiriwira kuposa cha munda wonse, popeza mtengo wopanda masamba sutchinga dzuwa. Tinapangana kuti audikire mpaka chilimwe, pamene udzaphukirenso n'kugwetsera mbuzi zake nyemba msipu utatha.