Kujambula akachisi a Shinto ku Japan: utoto wofiira umanamiza kamera

Anthu ambiri akabwerako ku Fushimi Inari, kachisi wa chipembedzo cha Shinto mumzinda wa Kyoto, dandaulo lawo limakhala limodzi: zipata zomwe maso anaziona zili psuu, pachithunzi zasanduka phala lofiira, ming'alu ya mtengo ndi m'mphepete mwa nsanamira osaonekanso. Vuto si kutchipa kwa kamera. Zipata zimenezi, zomwe eni ake amazitcha torii, amazipaka utoto wofiira wopita ku olenji, ndipo utotowu umanamiza kamera pawiri.

Kamera imayeza kuwala pophatikiza mitundu itatu: wofiira, wobiriwira ndi wabuluu. Zipata zikadzaza chithunzi chonse, wofiira umasefukira pomwe iwiri inayo idakali pansi, kamera n'kumayesa kuti zonse zili bwino. Tsitsani exposure compensation, yomwe ndi batani lowonjezera kapena kuchepetsa kuwala kwa chithunzi, ifike pa -0.3 kapena -0.7, ndipo muziyang'ana histogram ya RGB, galafu yoonetsa kuwala kwa mtundu uliwonse paokha, osati yoyera yophatikiza mitundu yonse. Wofiira ukagunda khoma lakumanja kwa galafuyo, tsitsaninso. Pafoni, dinani pachipatapo kenako kokerani kachizindikiro ka dzuwa komwe kamaoneka pansi pang'ono.

Bodza lachiwiri ndi la white balance, momwe kamera imalinganizira mitundu kuti choyera chioneke choyera. Mukaisiya pa auto, kamera ikaona kufiira ponseponse imathira buluu pofuna kukonza, ndiye miyala yapanjira ndi nkhope za anthu zimatuluka zotuwa ngati za odwala. Iikeni pa daylight, cha m'ma 5200K (muyeso wa mtundu wa kuwala kwa masana), osaisunthanso. Wojambula mu RAW, fayilo yosunga zonse zomwe kamera yaona, akhoza kukonza zimenezi atafika kunyumba, koma wofiira wosefukira kwambiri sabwerera.

Ku Fushimi Inari zipata zilipo pafupifupi 10,000, zondondozana kukwera phiri la Inari lotalika mamita 233. Sitima ya JR Nara Line imakutulani pasiteshoni ya Inari, pakhomo penipeni, patangotha mphindi zisanu kuchokera ku Kyoto Station. Kulowa n'kwaulere ndipo satseka usiku. Apa ndiye pali mwayi wanu, chifukwa ikamakwana 9 koloko m'mawa njira yotchuka ya zipata zothinana yotchedwa Senbon Torii imakhala yothithikana ngati msika. Fikani kukungocha. Dziwani kuti mu Juni dzuwa limatuluka 5 koloko isanakwane, pomwe mu Januwale limadikira mpaka cha m'ma 7. Mukachedwa, musalimbane ndi khamu mmunsi. Kwerani kwa mphindi 30 kapena 40 kukafika pamphambano ya Yotsutsuji, pomwe ambiri amabwererapo, ndipo kumtunda kwake mudzapeza njira zili zii.

Lenzi yotambasula, monga 24mm, imakulitsa mipata ya pakati pa zipata, moti mitengo ndi mawaya a magetsi zimalowerera. Lenzi ya 70mm mpaka 100mm imazipanikiza zipatazo n'kuzisandutsa ngalande imodzi yofiira. Imani pomwe njira ikukhota kuti kumapeto kusaoneke. Mkatimo mumachita mdima kuposa momwe maso amaonera: yambirani pa ISO 800 (mphamvu ya kamera yomva kuwala), f/5.6 (kukula kwa bowo la lenzi), liwiro lojambulira lisatsike kupitirira 1/125 ya sekondi ngati kamera ili m'manja. Kenako tembenukani. Zilembo zakuda, zomwe ndi mayina a opereka zipatazo ndi masiku omwe anaperekera, zinalembedwa kumbuyo, choncho wokwera saziona pokhapokha atacheuka. Kwa ine chithunzi chabwino chili mbali imeneyo.

Dzuwa la masana ndi mdani, limagwetsa timadontho towala kwambiri pakati pa mithunzi. Tsiku la mitambo kapena mvula itangokata ndiye labwino, miyala ikunyezimira.

Ku Itsukushima, pachilumba cha Miyajima pafupi ndi Hiroshima, wolamula nthawi si dzuwa koma nyanja. Wozolowera nyanja ya Malawi asaiwale kuti nyanja yamchere imadzaza ndi kuphwa kawiri patsiku. Chipata chachikulu chakumeneko, chotalika mamita 16 ndi pang'ono, chomwe anachiimika mu 1875, chimaoneka ngati chikuyandama madzi akapitirira masentimita 250. Akatsika kufika pa 100, mumayenda pansi mpaka kukagwira nsanamira zake. Pakati pa manambala awiriwa pamangokhala matope ndi timadzi tosathandiza, choncho onani ndandanda ya madzi musanagule tikiti ya boti. Madzulo thambo limawala kuposa chipata, ndiye sankhani: muyezere kuwala kuthambo chipata chide bii, kapena mudikire dzuwa lilowe, magetsi ounikira chipatacho ayake. Chithunzi chausikucho chimafuna tripod, choimikira kamera cha miyendo itatu, ndi masekondi angapo. Agwape a pachilumbapo amadya mapepala, musasiye chikwama chotsegula pansi.

Kachisi ndi malo opempherera, ndipo zithunzi zina n'zoletsedwa. Ku Ise Jingu, akachisi a mumzinda wa Ise, komwe nyumba zopatulika amazimanganso zaka 20 zilizonse, komaliza mu 2013, mumajambula muli pansi pa masitepe amiyala a kachisi wamkulu wa Naiku. Mukakwera, kamera ilowe m'chikwama. Kwina konse fufuzani chikwangwani cha kamera yodulidwa mzere. Malo ambiri salola tripod m'njira zopanikiza, za drone musayerekeze n'komwe.

Pakati penipeni pa njira amati ndi podutsa milungu, anthu amayenda m'mbali. Wojambula amapalakalaka pomwepo kuti mbali ziwiri zifanane. Konzeranitu kamera muli pambali, weramani pang'ono pachipata monga achitira eni ake, jambulani msanga n'kuchokapo. Munthu amene akuwomba m'manja kutsogolo kwa kachisi musamuloze kamera kumaso. Timatabwa ta ema, tomwe anthu amalembapo mapemphero awo, nthawi zambiri timakhala ndi mayina enieni. Tijambuleni chammbali pa f/2.8 kuti zolembazo zisawerengeke.