Sari ya silika ya ku Kanchipuram: zizindikiro zake zimatsimikiza chiyani?

Kodi chizindikiro cha GI n'chiyani?

GI (Geographical Indication) ndi chizindikiro chomwe chimateteza dzina la malo komwe katundu amachokera. Lamulo lake ku India linakhazikitsidwa mu 1999, linayamba kugwira ntchito mu 2003, ndipo ofesi yolembetsa ili ku Chennai. Sari (nsalu yaitali yomwe amayi a ku India amavala) yotchedwa Kanchipuram iyenera kuombedwa m'dera la Kanchipuram ku Tamil Nadu, kummwera kwa India, motsatira njira yomwe inalembetsedwa. Pakatha zaka 10 amakalembetsanso. Wogulitsa nsalu ina m'dzina limeneli akhoza kumangidwa miyezi 6 mpaka zaka 3, kuphatikizapo chindapusa.

Ngati pali Silk Mark, basi zakwana?

Ayi, ndipo apa m'pamene ambiri amapusitsidwira. Silk Mark, yomwe inayamba mu 2004, imangonena kuti ulusi wake ndi silika weniweni. Sinena kuti nsaluyo inaombedwa pamanja. Chomwe chimanena zimenezo ndi Handloom Mark ya mu 2006, koma nayonso sinena za mtundu wa ulusi. Sari ya pa makina a magetsi ikhoza kukhala ndi Silk Mark mosaphwanya lamulo, choncho funsani zizindikiro zonse zitatu.

Nanga ndi maso mungaone chiyani?

Itembenuzeni, muyang'ane pomwe thunthu la nsalu likukumana ndi m'mphepete mwake. Pa njira yotchedwa korvai, mbali ziwirizi zimakhala ndi ulusi wosiyana mitundu, ndipo woomba amaukoletsa mzere uliwonse, nthawi zambiri mothandizana ndi mnzake. Polumikizirapo pamaoneka timano tating'ono, ndipo mukapitsa chala pamamveka kampanipani kolimba. Ntchito yake ndi yapang'onopang'ono, n'chifukwa chake mtengo umakwera. M'mphepete mochita kusokerera mumaoneka msoko, ndipo mumathothoka pakapita nthawi.

Ulusi wonyezimira, zari, ndi nkhani ina. Weniweni amaupanga pokulunga waya wa siliva pa ulusi wa silika n'kuukuta ndi golide. Wotsika mtengo amagwiritsa ntchito kopa kapena pulasitiki, ndipo suchedwa kuthimbirira. Silk Mark sinena kanthu za zari, ndiye wogulitsa alembe mtundu wake pa lisiti.

Kuotcha ulusi kumathandiza?

Inde, koma kumangosonyeza ngati ulusi uli silika. Sololani kaulusi kumapeto kwa nsalu, mukayatse. Silika amanunkha ngati tsitsi lopsa, moto wake umazima wokha, ndipo phulusa lake limanyenyeka m'zala. Poliyesitala amasungunuka n'kusiya kachibulumwa kolimba. Yesani ulusi wa m'litali ndi wopingasa womwe, chifukwa ena amasakaniza.