Munda wa marozi wa mu Regent's Park, umene kale unali wa anthu ochepa

Mukatsika sitima yoyenda pansi pa nthaka pa siteshoni ya Baker Street mu London, kumayambiriro kwa June, n'kuyenda pang'ono kulowa mu Regent's Park, mufika pa geti lakuda lokometsedwa ndi utoto wagolide. Palibe wokufunsani tikiti. Mkatimo muli Queen Mary's Gardens, momwe muli mitengo ya marozi pafupifupi 12,000, ndipo mumzinda wonsewo mulibe pena pomwe marozi achuluka chotere. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti kwa zaka zambiri munthu wamba sankaloledwa kupondapo phazi pamalowa.

Poyamba inali nkhalango ya mfumu. Henry VIII adatenga dera limeneli cha m'ma 1530 n'kulisandutsa malo ake osakirako nyama, otchedwa Marylebone Park. Kenako linabwerekedwa kwa alimi. Mu 1811 katswiri wa zomangamanga John Nash adajambula pulani ya paki yatsopano pansi pa ulamuliro wa kalonga amene adadzakhala Mfumu George IV. Iye ankafuna nyumba zikuluzikulu 56 za anthu olemera zitamwazikana m'pakimo, koma zomangidwa zidangokwana zisanu ndi zitatu. Anthu wamba adayamba kuloledwa mbali zina za pakiyi mu 1835, ndiye masiku awiri okha pa sabata!

Pakati penipeni, pamene msewu umazungulira ngati mkombero wa lichero (amautcha Inner Circle), padakhalabe potseka. Bungwe loona za zomera la Royal Botanic Society, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1839, lidachita lendi malowo n'kumangapo nyumba yaikulu yamagalasi yosungiramo zomera za kumaiko otentha. Zionetsero za maluwa zinkachitika, mabanja achifumu ankabwera, koma munda unali makamaka wa mamembala ndi alendo awo. Lendi itatha, bungwelo lidachoka, nyumba yamagalasi idagwetsedwa, ndipo mu 1932 mageti adatsegukira aliyense. Mundawo adaupatsa dzina la Mfumukazi Mary, mkazi wa George V. Kubzala marozi kudatha mu 1934. Geti lija lidaikidwa mu 1935 pokumbukira zaka 25 za ufumu wa George V, ndipo adalipirira ndi wojambula zithunzi za penti Sigismund Goetze, yemwe ankakhala m'pakimo.

Taganizani nyengo yake. Zaka zimenezo ntchito zinkasowa mu Britain, mabanja ambiri akupanikizana m'tizipinda todzaza utsi wa malasha. Kupereka malo okongola chonchi kwa anthu otere, ine ndimakuona ngati chinthu chachikulu kuposa geti lagolidelo.

Lero mabedi ambiri ali ndi mtundu umodziumodzi wa rozi, ndipo kutsogolo kwake kuli kachikwangwani ka dzina. M'mphepete muli nsanamira zolumikizidwa ndi zingwe zolendewera, zomwe marozi oyanga amakwerapo, pansi pake mabenchi. Khalanipo kanthawi. Muona agogo akuwerama pang'onopang'ono, dzanja pabondo, mphuno m'duwa, maso ali tsinzinu. Muona wogwira ntchito m'mundamo akudula maluwa ofota n'kumaponya mu wilibala kuti ena aphukire, manja atavala magolovesi chifukwa cha minga. Ena mwa marozi owala kwambiri alibe fungo n'komwe, pamene ena osaoneka bwino amanunkhira mpaka pabenchi. Ndiye musangodutsa ndi foni m'manja. Weramani pa bedi lililonse. Masabata awiri oyambirira a June ndi pamene mundawu umakhala pachimake, ndipo m'mawa anthu amakhala asanachuluke.