Buku mwalemba ndinu, nanga ndalama akudya ndani? Mafunso ndi mayankho pa lamulo la umwini wa zaluso

Kodi ndiyenera kukalembetsa buku langa kuti likhale langa mwalamulo?

Ayi. Mukangolemba, kaya m'kope kaya pa kompyuta, umwini ndi wanu. Malawi anasaina nawo pangano la Berne, lomwe limati chitetezo cha wolemba sichidikira chidindo cha ofesi iliyonse. Koma pakabuka mkangano pamafunika umboni. Musataye makope oyamba ofufutafufuta aja, ndipo musafufute imelo yomwe munatumizira wosindikiza, poti imaonetsa tsiku.

Nanga COSOMA, bungwe loona za umwini wa zaluso m'Malawi, si la oimba okha?

Ambiri amaganiza choncho chifukwa oimba ndiwo amamveka pa wailesi ndalama zikatuluka, kapena zikachedwa. Bungweli linayamba ntchito mu 1992 ndipo limaimira olemba mabuku, andakatulo ndi olemba zisudzo omwe. Pano likuyendera lamulo la 2016, lomwe linalowa m'malo mwa la 1989. Limatolera ndalama kwa ogwiritsa ntchito luso la ena, kuphatikizapo sukulu zaukachenjede zomwe zimachita fotokope mabuku. Palinso msonkho wa pa zipangizo zosungiramo zinthu monga mafoni ndi ma flash, womwe gawo lake limapita kwa eni zaluso. Pogawa, amayang'ana mamembala ndi ntchito zomwe analembetsa. Ngati dzina lanu mulibe m'kaundula, musadikire uthenga.

Mnzanga ndinamuuza nkhani yomwe ndimafuna kulemba, iye wandithamangira. Ndingamusumire?

Pepani, apa lamulo silikuthandizani. Limateteza mawu omwe mwalemba, osati ganizo lomwe lili m'mutu.

Wosindikiza akuti andipatse ndalama kamodzi basi, buku likhale lake. Ndivomere?

Apa ndi pomwe olemba ambiri amagwera, ndipo amagwa akumwetulira chifukwa ndalama yaoneka fizi ya ana itavuta. Pali kugulitsa umwini, palinso kubwereketsa. Zili ngati munda: mukaubwereketsa zaka zingapo umabwerera, mukaugulitsa mudzangoyang'ana chimanga cha ena muli pamsewu. Buku lomwe lero silikuyenda malonda, mawa unduna wa zamaphunziro utha kulisankha kuti liziwerengedwa pa MSCE. Zikatero limagulidwa ndi sukulu za dziko lonse, inu mutadya kale zanu.

Ine ndimati bwereketsani, ndipo zonse zikhale papepala. Pepalalo linene zaka zingati, m'maiko ati, ndiponso ngati wosindikiza ali ndi ufulu woika bukulo pa intaneti kapena kulimasulira m'chinenero china. Pa royalty, peresenti yomwe wolemba amalandira pa buku lililonse logulitsidwa, funsitsitsani kuti peresentiyo ikuchokera pa mtengo wolembedwa pachikuto kapena pa ndalama yomwe wosindikiza walandira ogulitsa atachotsa zawo. Buku la K10,000, royalty ya 10 peresenti ndi K1,000. Koma ngati wogulitsa wayamba wachotsa K3,000, inu mulandira K700. Pa makope 1,000 mwaluza K300,000 chifukwa cha mzere umodzi womwe simunawerenge. Onetsetsaninso kuti mwalembedwa nthawi yomwe azikupatsani lipoti la malonda, komanso kuti umwini ubwerera kwa inu buku likatha pamsika iwo osasindikizanso. Wosindikiza wokana kukupatsani pepalalo kuti mukawerenge kunyumba, muchenjere naye.

Ngakhale mutagulitsa umwini, dzina lanu liyenera kukhalabe pabukulo, ndipo wina sangalipotoze moipitsa mbiri yanu.

Buku langa likuzungulira m'magulu a WhatsApp ngati PDF. Akuti akundithandiza kutchuka.

Kumeneko n'kuba, ngakhale wotumizayo sanalandirepo tambala. Jambulani uthengawo pomwe pakuoneka nambala ndi tsiku, uzani mkulu wa gululo achotse, akakana mukadandaule ku COSOMA. Kunena zoona, PDF ikatuluka sibwezeka. N'chifukwa chake musamatumize buku lathunthu kwa aliyense wonena kuti angofuna aone kaye. Mutu umodzi ukwanira.

Ndikamwalira, zimathera pomwepo?

Ayi. Umwini umapitirira zaka 50 wolemba atamwalira, ndipo ndi chuma chamasiye ngati nyumba. Ulembeni mu wilo, ndipo ana adziwe komwe kuli mapepala a mgwirizano ndi osindikiza. Zaka 50 zikatha, aliyense atha kusindikiza bukulo osapempha.